Mpala Womwe Ndinameta ku Wakefield

Yunivesite ku Leeds ndinaisiya ndili chaka chachiwiri. Musandifunse chifukwa, azimayi akutchalitchi anafunsa kale mokwanira. Ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wakefield: kusambitsa anthu, kuwadyetsa, kuwasintha matewera.

M'chipinda chakumapeto munali agogo ena achizungu, obadwira ku France, zaka zawo zitatsala pang'ono kukwana zana. Anali ovuta. Ankalavula mankhwala, ankatukwana anamwino m'Chifalansa. Koma ine ankalola kuti ndiwasambitse, ine ndekha. Mwina chifukwa sindinkawanyengerera ngati khanda. Ndinkangoti, "Agogo, kwezani mkono," iwo n'kukweza.

Mwana wawo wamwamuna, naye wa imvi kale, ankabwera Lamulungu ndi mabuku a nkhani zopeka za nthawi ya nkhondo: atsikana a ku France ogwidwa ndi asilikali a ku Germany, kutsekeredwa, kugwiritsidwa ntchito yakalavulagaga. Ankati mayi ake zinawachitikira ali mtsikana, ndiye mabukuwa awasangalatsa. Maso a agogowo anali atafa, choncho wowerenga ndinali ine, masana akatha kudya.

Sankawasangalatsa. Ndikafika pamene mtsikana wagwa m'chikondi ndi mlonda wa ndende, ankamenya matiresi ndi chikhatho.

"Bodza! Chikondi chanji munthu uli ndi nsabwe? Tinkasoka malaya a asilikali mpaka zala kutupa. Pitiriza, ndimve bodza lina."

Ndinkaseka. Mu England monse, ndinkasekera m'chipinda chimenecho basi.

Kenako bambo anga anamwalira ku Dedza. Mapepala anga anali asanalongosoke, ndikanatuluka m'dziko sindikanabwereranso. Maliro ndinawaonera pafoni, ndili khale pabedi, netiweki ikudukaduka. Patapita masiku mchemwali wanga anatumiza chithunzi. Onse anali atameta monga timachitira kwathu maliro akatha: amayi, azakhali, ndi ana omwe. Ine ndekha ndinali ndi tsitsi loluka lofika m'mapewa, ngati wamwalirayo ndi mlendo. Ndinakagula makina ometera, ndinameta ndekha kubafa.

M'mawa mwake namwino wamkulu wa shifiti yathu, mayi wa ku Zomba, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwanawe, zachikunja zimenezi wabwera nazo mpaka kuno? Tamanga duku."

"Anti, bambowo ndi anga. Mutuwu ndi wanganso."

Za agogo aja sindinaganize n'komwe. Saona, ndiye adziwa bwanji?

Ndikamawadzutsa pampando wosambira ankandikolowekera manja m'khosi. Tsiku limenelo dzanja lawo linakwera, linayenda pamutu ponse, linaima. Thupi lawo lonse linauma gwa.

"Wakumeta ndani?"

"Ndameta ndekha, agogo. Bambo anga amwalira. Ndi mwambo wakwathu."

"Usaope, lankhula pansipansi. Afika liti?"

"Ndani?"

"Palibe mkazi amadzimeta yekha." Anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa. "Ifenso tsiku loyamba anatimeta tonse pabwalo, tili maliseche. Mawa lake anayamba kusankha oti akaphedwe."

Ndinafotokoza katatu. Ndinatchula Dedza, ndinatchula amayi anga. Iwo m'maganizo anali atabwerera kale kundende kuja, akulankhula Chifalansa chimene palibe ankachimva m'nyumba monsemo. Masana anakana chakudya. Anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu, ati asilikali alowa.

Anti aja, ngakhale anali atandinyoza, anandibweretsera wigi yawo yakutchalitchi. "Vala iyi, mwina aiwala." Ndinavala. Agogo anaigwira kamodzi kokha, n'kuikoka, n'kutsala nayo m'manja. Kukuwa kwake sindikufuna kukulemba.

Manijala anandiitana muofesi. Mwaulemu wawo uja wozizira, anati akulemekeza chikhalidwe changa, koma ndikagwire ntchito kuzipinda zam'mwamba mpaka tsitsi litamera. Ndinamufunsa kuti nanga agogo aja awasambitsa ndani. Anati alipo ena. Ndinamuuza kuti enawo sawadziwa. Anati nkhani yatha.

Ena analipodi. Ankabwera awiri, wina kugwira manja, wina kupukuta ndi kansalu. Chipinda chomwe ndinkatandikamo mabedi chinali pamwamba penipeni pa chawo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamva zonse kudzera pansi.

Sabata yachitatu anti anandipeza pamalo okwerera basi, mvula ikuwaza.

"Agogo ako aja akufunsa tsiku ndi tsiku. Ati mtsikana uja mwamutengera kuti. Tikawauza kuti uli pamwamba, akungolira. Akuganiza kuti anakusankha."

Ndinabwerera kwa manijala. Ndinapempha mphindi ziwiri zokha, ndiime pakhomo, ndisayandikire, angomva mawu anga kuti ndili moyo. Sindimapempha munthu kanthu, koma tsiku limenelo ndinapempha. Anati akambirana ndi mwana wawo komanso dokotala, andiyankha sabata yamawa.

Agogo anamwalira Lachinayi, yankho lisanabwere. Ndinamva nditafika pa shifiti, chipinda atachitsegula kale mawindo. Tsitsi langa linali likadali lobaya m'manja.

Anti anandigwira paphewa n'kunena kuti anali okalamba, nthawi yawo inakwana. N'zoona. Koma munthu uja anapulumuka kundende ali mtsikana, anakhala zaka zonsezi, ndipo anafa akukhulupirira kuti asilikali abweranso ndipo anditenga ine. Ndinali pamwamba pawo, ndikupinda mapilo.