Tsamba Loyamba Limene Anachotsa Alamu Anga

"Chako n'chiyani pamudzi pano, iwe mkamwini? Ngakhale mthunzi waimapowo ndi wathu!"

Anakuwa choncho ndi alamu anga, achimwene ake aakulu a mkazi wanga, m'mawa dzuwa litangokwera, azimayi akusankha kachewere pabwalo pawo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri tinakhala tikuitanana kuti alamu, alamu, koma tsiku limenelo ndinasanduka iwe. M'manja ndinali ndi foni. Sindinama, ikanakhala nkhwangwa bwenzi izi ndikulembera kundende.

"Mthunziwo tengani," ndinatero. "Ine ndikufunsa dzina langa. Mwaliika kuti?"

"Dzina? Ukaphika dzinalo ana adye?"

Azimayi aja anaweramitsa mitu, koma mapewa awo ankagwedera. Ankandiseka.

Kwathu ndi kunsi kwa mapiri, kotentha, kumene kachewere tinkangomuona pamsika. Kwa Kaphuka ndinabwera kudzakwatira, nditanyamula pepala langa la Folomu 4 limene silinandipezerepo ntchito. Ndinakhala pachikamwini monga mwa mwambo wa kuno. Nyumba ndinamanga ndine, pamalo awo. Mapichesi ndi paini ndinabzala ndine, m'nthaka yawo. Ndinadziwa kuyambira pachiyambi kuti tsiku lochoka ndidzanyamula bulangete ndi wayilesi basi, ndipo sindinadandaulepo. Mwambo ndi mwambo.

Ulimi wa kachewere anandiphunzitsa ndi malemu apongozi anga aamuna, amenenso anali mkamwini ngati ine ndemwe. Sankalankhula zambiri. Ankangothyola tsamba lakuda m'mphepete n'kundionetsa, amvekere, "Chiwawu ichi. Mukachiona chotere mwachedwa kale." Ine ndili ndi matenda olemba. Ndinayamba kusunga makope a ana asukulu, n'kumalembamo tsiku lobzala, tsiku limene nkhungu yagona m'dimba, mizere imene yayamba kupsa, mbewu imene yaphukira bwino pathandala ndi imene yawolera m'thumba. Zaka khumi ndi chimodzi. Mkazi wanga ankati anzake amadandaula amuna a mowa, iye anapatsidwa mwamuna wa bolopeni.

Chaka chatha ndinasonkhanitsa zonse n'kupita nazo pa Boma. Kuseri kwa msika kuli mayi wina ali ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope. Anandilembera pa kompyuta, masamba makumi atatu ndi awiri, n'kunditumizira pa foni. Tsamba loyamba linali ndi mutu wa bukulo ndi mayina anga onse atatu, m'zilembo zazikulu. M'minibasi pobwerera ndinalitsegula kangapo, kungoyang'ana tsamba limenelo. Munthu wa zaka makumi asanu, ndinkachita ngati mwana amene wagulidwa nsapato.

Sindinali nditamaliza. Gawo la kasungidwe ka mbewu linali loperewera, ndinkafuna ndione nyengo ina imodzi. Koma pakamwa panga ndi pamene panandipachika. Ndinauza alamu anga. Iwo ndi tcheyamani wa kalabu yathu ya alimi, ndiponso ndi adimini wa gulupu ya kalabuyo pa foni.

"Tatumizani tione, alamu," anatero.

Ndinatumiza. Ndinalembanso pansi pake kuti musapatse munthu, sindinamalize. Anayankha ndi kachala koloza kumwamba.

Patapita milungu iwiri, bukulo linatulukira pa gulupu. Chimene anachita n'chakuti anakalipulinta, tsamba loyamba n'kulisiya popeza akuti panalibe za ulimi. Anagawira mamembala mafotokope, wina n'kujambula masambawo n'kuwaponya pa gulupu. Kuchoka apo linayenda lokha. Linafika ku Bembeke, ku Lizulu, mpaka msuweni wanga wogulitsa zitsulo pa Boma ananditumizira ine mwini wake, akuti, "Achimwene, werengani izi, zingakuthandizeni."

Pa gulupu panadzaza timanja toomba. "Atcheya mwatithandiza." "Atcheya ndinu dolo." Ndinadikira kuti mwina alamu anga anena kuti analemba ndine. Anangolemba kuti, "Tiyamike Chauta."

Ndinameza. Koma Lachinayi lotsatira kunali msonkhano wa kalabu, kunabwera alangizi. Alangiziwo anakweza mapepala aja m'mwamba, amvekere, "Mukuona zimene achita atcheya anuwa? Uku ndiye kutsogolera." Alamu anga anaimirira, anavula chipewa, anawerama pang'ono. Ine ndili kumbuyo, pa njerwa. Ndinatuluka msonkhano usanathe, ndipo m'mawa mwake ndi mmene ndinawalondola pabwalo pawo.

"Ndinakuuzani musapatse munthu," ndinatero.

"Ndiye likanatani? Liwolere m'sutikesi? Ndakuthandiza ine, anthu akuwerenga."

"Akuwerenga za ndani?"

"Za bambo anga! Nzeru zili mmenemozo unabwera nazo kuchokera kwanu? Kwanu kuli kachewere? Anakuphunzitsa ndi bambo anga, m'munda mwa mayi anga, ukudya za mlongo wanga. Lero ukuti zako?"

"Bambo anuwo munkawathawa kudimba inu! Mmene ankandionetsa chiwawu inu munali pa bawo!"

Apo ndiye ndinagunda pachilonda. Anaimirira. Inenso ndinawauza kuti ndi mbava yovala jekete, n'kumenya theche dengu la kachewere, mbatata mbwee pabwalo ponse. Zimenezo sindinyadira nazo. Dengulo linali la mayi wamasiye amene sanandilakwire chilichonse.

Mkazi wanga anabwera akuthamanga, chitenje m'manja, anandikokera kunyumba. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, amenewa ndiye mwini mbumba. Mwana wathu akadzapeza banja, nkhoswe ndi iwowa. Mukufuna tidzapite kwa yani?"

"Ndiye ndingokhala chete?"

"Mapepala okhawa?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse a alamu anga. Mayi amene ankandiona ndikulemba zala zitauma ndi chisanu cha Juni, nayenso akuti mapepala okhawa. Ndinavala nsapato, ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kugwira minibasi ya pa Boma.

Mayi wa kashopu uja atandiona anaseka. "Alembi afika! Gawo lomaliza mwabweretsa?"

Ndinamufotokozera zonse nditaimirira, mokweza, mpaka kasitomala wina anatuluka. Ndinati andipulintire tsamba loyamba lija ndipite nalo kupolisi.

"Khalani pansi kaye, bambo, mungandigwetsere makina."

Iye zinthu izi amazidziwa chifukwa cha ntchito yake. Anthu amabwera ndi mabuku athunthu kuti awapangire fotokope, ndipo akuti anachenjezedwapo. Anandiuza kuti lamulo la umwini wa zolemba lilipo, ndipo lili kumbali yanga. Chinthu ukangochilemba wekha ndi chako, sichidikira chidindo cha ofesi iliyonse. Kutumizira munthu kuti awerenge si kumupatsa chilolezo choti agawe. Ngakhale asagulitse, ngakhale anene kuti akuthandiza anthu, ayenera kupempha kaye. Wofuna kutengamo mizere ingapo kuti afotokozere mfundo yake angathe, bola atchule mwini wake. Kuchotsa dzina ndiye mlandu winanso pawokha.

Mtima unayamba kutsika. Ndinati, "Eya! Nenaninso pamenepo, ndijambule mawu anuwo akamve."

"Dikirani, sindinathe. Lamulolo limateteza mmene mwalembera, mawu anuwo ndi kasanjidwe kake. Koma nzeru yoti mbewu isungidwe pathandala si ya munthu. Alamu anuwo atafuna kulemba lawo, m'mawu awoawo, palibe angawagwire."

"Amene aja? Kalata ya maliro imawatengera tsiku lonse."

"Kaya. Ine ndikungoti pa za nzeru za malemu sananame kwenikweni."

Iye anatsegula bukulo pa kompyuta, n'kupita pa tsamba la khumi ndi chinayi, pamene pali chithunzi cha tsamba lodwala chiwawu.

"Nanga ichi anajambula ndani?"

"Munachipeza ndinu pa intaneti."

"Munandituma ndinu. Ndinakufunsani kuti mwini wake ndani, munati za pa intaneti zilibe mwini. Mwaiwala? Nanga buku la sayansi lija munati ndikutumizireni la mwana wanu wa Folomu 3, analemba ndi agogo anu?"

Anyani amasekana zikundu. Ndinafuna kukalipa koma panalibe pogwira. Wojambula chithunzi chija sindikumudziwa mpaka lero, kaya ali dziko liti, koma ndinamuchita zomwezo zimene ndinathyolera dengu la mayi wamasiye. Kusiyana kwake n'kwakuti iye sangandipeze pabwalo.

Ndinafunsa chimene ndingachite. Anati choyamba ndi kuuza adimini achotse bukulo pa gulupu ndipo anene poyera amene analemba. Ndinati adiminiyo ndi wakubayo. Anati ku Lilongwe kuli bungwe loona za umwini wa zolemba ndi nyimbo, ndingathe kukadandaula, ngakhale kukhoti ndingapite. Kenaka anandiyang'ana.

"Koma mukasumira alamu anu, madzulo ake mukagona mudzi uti?"

Anapitiriza yekha.

"Ndipo ngakhale mutawina, zimene zalowa m'mafoni a anthu simungazitolere. Inu munalakwitsa chinthu chimodzi, bambo. Dzina munaliika pachitseko pokha. Munthu wangozula chitsekocho, nyumba yasanduka ya aliyense."

Anakonza pomwepo. Anachotsa chithunzi cha eni ake chija, tinasiya malo oti ndidzajambule tsamba la m'dimba mwanga. Pansi pa tsamba lililonse anaikapo dzina langa ndi chaka, ndi mawu oti wofuna kugawa ayambe wapempha. Kutsogolo ndinamuuza awonjezere mzere umodzi, wonena kuti ulimiwu anandiphunzitsa ndi malemu apongozi anga. Umenewo sindinaukakamizidwe. Unayenera kukhalapo kuyambira kale, ndipo zinandinyansa kuti wondikumbutsa anali alamu anga.

M'minibasi ndinakonza mawu oti ndiperekeze nawo buku latsopanolo pa gulupu. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinachotsamo mawu oti mbava, ndinawabwezeramo, ndinawachotsanso. Titadutsa mitengo ya paini ya m'mbali mwa msewu ndinatsegula gulupu kuti nditumize. Pansi panali kamzere kakang'ono kondiuza kuti adimini wandichotsa.

Ndinaseka mokweza mpaka kondakitala anacheuka. Kalabu imene ndinaiyambitsa nawo, malamulo ake ndinalemba ndine pa pepala la pakati pa kope. Ndinayesa kutumizira anthu angapo paokhapaokha. Awiri anatsegula, sanayankhe. Mmodzi analemba kuti, "Tili nalo kale la atcheya."

Kunyumba mkazi wanga anandiuza kuti wakapepesa kwa mayi wa dengu uja, ndipo wawathandiza kutola mbatata. Za alamu anga sanatchule, inenso sindinafunse. Anthu a pamudzi pano ndimawadziwa. Sadzanena kuti atcheya analakwa, sadzanenanso kuti ine ndanama. Adzangoti mkamwini uja ndi waukali, ndipo nkhani idzathera pa ukali wangawo.

Kutacha ndinatenga bolopeni yakuda, ya buluu ndinaika m'thumba kuti ndilembere ikatha inayo. Mamembala amene analandira mafotokope ndinkawadziwa onse, nyumba khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinayambira kumtunda, kwa mkulu wina amene dimba lake lachita malire ndi langa. Ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde, atafunda jekete ziwiri.

"Odi, wawa."

"Lowani, bambo. Kwagwanji m'mawa muno?"

"Mapepala a kachewere aja muli nawo? Ndibwerekeni pang'ono."

Anatuma mkazi wawo, anabwera nawo atakulungidwa m'pepala la pulasitiki, m'makona mutada kale ndi dothi. Pa tsamba la chiwawu anali atapindapo. Ndinakhala pa chitsa, ndinaika mapepalawo pabondo, ndinayamba kulemba dzina langa pansi pa tsamba lililonse. Mayina onse atatu. Zala zinali zitauma, zilembo zinkatuluka zokhota.

"Aa, aa! Mukundiipitsiranji buku langa?"

"Ndikulikonza. Linasowa mwini."

"Atcheya akudziwa zimenezi?"

"Adzamva."

Anandiyang'anitsitsa mpaka ndinafika tsamba lomaliza. Anatenga mapepalawo, anawatalikitsa ndi maso, anawerenga dzinalo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Ndiye kuti inuyo mumalembanso?"

Ndinatseka bolopeni. Ndinawauza kuti gawo la kasungidwe ka mbewu asalitsatire kaye, silinathe. Kenaka ndinatsazika, n'kuwoloka ngalande kupita nyumba yachiwiri.