Lamba wa amalume mu rediyeta

Amalume, lero ku Njuli makaniko wasintha chotsekera cha rediyeta pa chigalimoto chanu chokwera mapiri chija. Atatembenuza chakalecho wandifunsa, "Achemwali, nanga chikopachi chinalowamo bwanji?" Ndaseka mpaka misozi.

Mukukumbuka tsiku la ukwati wanga? Galimoto inawira pachitunda tisanafike ku Mbombwe, ine ndili mu velo, abusa atanena kale kuti tikachedwa anyamuka kupita kumaliro. Munadikira kuti izizire, n'kupeza kuti labala wa chotsekeracho watha. Munavula lamba wanu watsopano, n'kudula kachikopa kozungulira pakati penipeni. "Usalire, mwanawe," munatero mukuthira madzi, "buluku likhoza kugwa, koma ukwati sugwa." Tinawapeza abusa akadalipo. Pazithunzi zonse manja anu ali m'thumba, ndipo mpaka lero anthu amati munkanyada. Ine ndekha ndikudziwa chomwe munagwirizira.

Munkangoti chatsopano mugula mawa. Mawa lanulo lafika lero, inu mutatisiya kale. Galimoto ikukwerabe bwino, musadandaule. Koma chakalecho ndamulanda makanikoyo, chili m'chikwama changa.