Madala Osungira Malo

Kuntchito kwathu kuli madala ena aimvi omwe amalemba mapulogalamu olumikiza makina ku netiweki. Ife achinyamata timapempha memori, malo osungira zinthu m'makinamo, pang'onopang'ono, uthenga ukafika. Iwo amati kumeneko n'kusewera.

"Mauthenga sagogoda, ana inu. Asungireni malo asanabwere."

Ngakhale kumsonkhano, jekete yawo imakhala ndi mpando wake.

Sabata yatha anasungira mauthenga pafupifupi memori yonse ya kamakina kogawa intaneti. Titakayatsa pamaso pa kasitomala, kanangoti zii. Mapulogalamu ena onse anasowa pokhala.

Bwana wathu anatembenukira kwa madala aja. "Akuluakulu, mwatani apa?"

Madalawo anasuzumira pasikirini n'kumwetulira. "Taonani, bwana, palibe uthenga ndi umodzi womwe watayika."

"Nanga wafika ndi uti?"

"Ukafika, malo alipo."