Makina Amene Ankandipumira

Ndikukumbukira denga loyera la m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pachipatala cha ana ku Nedlands, kutsidya kwa nyanja kuno kumene banja lathu limakhala, chifukwa ndi lomwe ndinkangoliyang'ana tsiku lonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chibayo chinandigwira m'nyengo ya mliri wa korona, mapapo anga n'kulephereratu ntchito, ndipo madokotala anandilumikiza ku makina otchedwa ECMO. Magazi ankatuluka pakhosi panga kudzera m'paipi ali akuda bii, n'kukalandira mpweya m'makinamo, n'kubwerera ali ofiira psuu. Atandidzutsa ku tulo ta mankhwala, ndinkaonerera magazi angawo akuyenda kunja kwa thupi ngati a munthu wina.

Amalawife sitidwala tokha. Mayi wina wa kumpingo kwathu ku Joondalup atangothyoka chala, tinadzaza nyumba yake mpaka ena kukhala pakhonde. Koma ine ndinadwala pa nthawi yolakwika. Bambo anali atapita ku Lilongwe, malire n'kutsekedwa iwo ali komweko. M'chipindamo ankalola munthu mmodzi yekha, amayi, nawonso atavala masiki. Kenako amayiwo anayamba kutsokomola, ndipo anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba mpaka atayezedwa.

Ndinatsala ndi makina aja. Ankalira chapansipansi ngati filiji, osapuma, osatopa nane. Manesi ankasinthana, nkhope zobisika, manja akununkha sanitaiza, koma makinawo sankachoka pambali panga. Ndinkawauza nkhani chamumtima.

Tsiku lina nesi anandiuza kuti atseka mpweya wa m'makinamo kuti aone ngati mapapo anga angathe okha. Zikakanika atsegulanso, anatero, koma ndinali wamkulu mokwanira kudziwa kuti munthu sakhala pa makinawo mpaka kalekale. Anandiikira foni pakhutu.

"Thoko, mwanawe, ndili pompano," anatero amayi, mawu ali osasa. "Ingopuma basi. Ntchito yako lero ndi yomweyo. Mbale sindikuuza kuti utsuke."

Ndinapuma. Chifuwa chinkalemera ngati bulangete lonyowa, ndipo mantha anandigwira kwambiri, koma ndinapumabe. Mapapo anavomera. Atandichotsa mapaipi, ndinadzuka m'chipinda muli zii. Pamene pankakhala makina panangotsala mizere ya mateyala pansi. Ndinalira mpaka pilo kunyowa, ndipo nesi anaimbira amayi kuwauza kuti mwana wawo akulira ndi chisangalalo.

Masiku ano zitseko za zipatala n'zotsegula. Wina akagonekedwa, timapita gulu, atanyamula zipatso ndi mabuku a nyimbo. Anzanga akatuluka kukacheza panja, ine ndimatsalira pampando wa pafupi ndi bedi mpaka nesi atandithamangitsa. Amayi amandiseka kuti ndimakhalitsa ngati ndilibe kwathu, ine n'kumaseka nawo. Mpaka lero amadziimba mlandu chifukwa cha chifuwa chawo chija, ndiye sindinawauzepo kuti tsiku lija mwana wawo ankalirira makina.