Dzimbiri mu Thanki ya Galimoto ya Bambo

Bambo anga anayendetsa lole ku esiteti ya tiyi mpaka mutu wonse utachita mbuu. Atapuma pantchito, bwana wina yemwe ankabwerera kwawo anawasiyira galimoto yake yakale, yobiriwira, ya nyali zozungulira, mtundu womwe anasiya kalekale kupanga. Tinasamuka nayo kuchoka kunyumba za kampani kupita kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Thuchila. Ndi m'galimotomo momwe anandiphunzitsira kugwira chiwongolero, ngakhale anzawo ankawaseka kuti akutaya nthawi ndi mwana wamkazi.

Chaka china cha mvula yoopsa madzi amatope analowa mpaka m'mipando. Bambo anali asanamalize kuiumitsa pomwe anagwa kuseri kwa nyumba, nafa dzanja ndi mwendo wakumanja. Galimoto inangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala, matayala n'kuphwa.

Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Boma. Ndili patchuthi kumudzi, tinalandira foni yoti azakhali, mlongo wawo yekhayo wa bambo, amene anakwatiwa kutsidya ku Mozambique, akudwala kwambiri ndipo akufunsa za iwo. Minibasi bambo sakanaitha, chifukwa akakhala ankapendekera mbali imodzi. Ndinati tifune galimoto ya hayala. Anapukusa mutu, naloza pansi pa mapeyala paja.

Matendawo anali atawalandanso mawu. Chichewa chinkawathawa, n'kumangotuluka Chilomwe cha paubwana wawo, chomwe ine ndimangomva apa ndi apo. Amayi ndiwo ankamasulira, koma za injini sankadziwa kalikonse.

Tinawakhazika pampando pafupi ndi boneti. Ndinabwereka batire, ndinapopetsa matayala, ndinathira petulo. Galimoto inalira, bambo n'kumwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope. Posakhalitsa inayamba kutsokomola, kenako zii.

Bambo analoza m'injini ndi dzanja lamanzere, akuyankhula movutikira.

"Akuti chiyani, amayi?" ndinafunsa.

"Akuti pali kasefa. Mafuta akukanika kudutsa pa kasefa."

Inali fyuluta ya petulo. Nditaimasula ndinapeza yadzaza phala lofiira ngati dothi la m'munda wa tiyi. Ndinakagula ina ku Boma. Ulendo uno galimoto inayenda mpaka pamjigo, n'kuzimanso. Anthu otunga madzi ndiwo anandithandiza kuikankha kubwerera kunyumba, ndipo fyuluta yatsopanoyo inali itafiira kale.

Tsiku lotsatira bambo anandichotsetsa paipi yolowa mu kabuleta, momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya, amayi n'kupotoza kiyi. Petulo ankangodontha. Ndinatsegula pampu, ndipo labala wa m'kati anali atauma gwa, atang'aluka pakati. Ndinafunsa ku Boma, ndinatuma anthu ku Limbe, koma aliyense ankati zimenezo zinatha kalekale. Makaniko wina wa ku Thuchila anandimangira kapampu ka magetsi kochokera m'galimoto ina. Kankagwira ntchito ndithu, koma komwe kankakoka mafutako n'komwe kunali matenda. Fyuluta inatsekekanso.

Choncho tinatsitsa thanki. Ndinagona chagada pa thumba, dothi likundigwera m'maso, amayi atagwirira mbali ina. Titaipendeketsa munatuluka madzi abulauni, kenako zibanthu za dzimbiri zambirimbiri. Madzi a mvula ija anali atakhala m'menemo nthawi yonseyi, akudya chitsulo. Bambo anatiuza, amayi akumasulira, kuti tithiremo timiyala ndi palafini, tizigwedeza. Tinagwedeza, ine uku amayi uko, mpaka mapewa kuwawa. Tikakhuthula, tiyambirenso. Anthu odutsa ankaima kumvetsera phokosolo.

M'kati mutayera, ndinainyamula kuloza kudzuwa n'kusuzumira pakamwa pake. Pansi ponse panali timabowo towala. Dzimbiri lomwe tinkalichotsalo ndilo linkatseka mabowowo.

Ndinaitengera kwa owotcherera. Anaigogoda ndi sipanala, chitsulo n'kubooka pomwepo.

"Amayi, apa palibe chogwira," anandiuza. "Ndikayatsa moto ingopsa ngati pepala."

Nditabwerera nayo kunyumba, bambo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kumenya dzanja lawo lakufa ndi lamoyo lija, misozi ikutsika. Amayi anawagwira mkono.

"Basi, abambo, basi. Mudzipweteka."

Madzulo ake msuweni wanga anaimba kuti azakhali asiya kudya.

Amayi ndiwo anaganiza za chigubu. Anati ngati vuto ndi chotengera mafuta, bwanji osangoika m'chigubu chomwe timatungira madzi. Bambo anagwedeza mutu kuvomera. Tinachimangirira kumpando wakumbuyo ndi chingwe cha labala, paipi n'kuchokera m'menemo kupita kupampu. M'galimoto monse munkanunkha petulo moti tinatsegula mawindo onse. Ndinkadziwa kuti n'zoopsa, koma ndinalimba mtima.

Tinanyamuka m'mawa, bambo ali kutsogolo titawatchinjiriza ndi mapilo, amayi kumbuyo atagwira chigubu. Galimoto inayenda bwino osatsokomola. Tinadutsa pa Boma, tinalowa m'minda ya tiyi. Bambo ankayang'ana anthu othyola masamba, akutchula mayina a malo omwe ankanyamulako tiyi kale.

Tisanafike pa Muloza foni inalira. Amayi anamvetsera pang'ono, kenako anandigwira paphewa.

"Taimitsa kaye, mwanangu."

Ndinapatukira pambali. Azakhali anali atatisiya. Bambo anatseka maso. Patapita nthawi anakweza dzanja n'kuloza kutsogolo.

Pamalire anatiuza kuti galimoto siingawoloke, mapepala ake anali atatha kale. Tinaisiya pa golosale ina. Abale anabwera ndi njinga yakapalasa, tinawakhazika bambo pa kaliyala, wina akukankha, ine ndi amayi titawagwira uku ndi uku. Tinafika masana, thupi atalisambitsa kale. Anawalowetsa m'nyumba, n'kuwavundukulira nsalu. Bambo anaika dzanja pachipumi pa mlongo wawo, ndipo anakana kulichotsa mpaka amayi atawanyengerera.

Pobwerera titaika maliro, kapampu kaja kanapsa tili pakati pa minda ya tiyi. Tinakhala padzuwa mpaka thirakitala ya ku esiteti inatikoka kukafika pa Boma, ndipo kuchoka apo inatikoka lole ya mchenga. Bambo sanafunsenso za galimotoyo. Anapempha kuti mpando wawo tiziuika kuseri kwa nyumba komwe sakanaiona, ndipo anamwalira nyengo yozizira yotsatira.

Ogula zitsulo zakutha anabwera kudzaphwasula galimoto ija miyezi ingapo pambuyo pake, atanyamula nkhwangwa ndi macheka. Amayi anawalonjera, anawapatsa madzi akumwa, kenako anatenga khasu n'kupita kudimba. Anabwerako dzuwa litapendeka, anthuwo atapita.