Ndinasunga Zotsatira za Mai Felesita Chaka ndi Theka

Masiku ano anthu amanditchula kuti dokotala, koma ndikamva dzinali ndimakumbukira cholakwa chimene ndinachita pamene ndinkalifunafuna. Ndinakhalira pepala limodzi kwa chaka ndi theka, ndipo mayi wina anasiyana ndi ana ake atatu chifukwa cha kuchedwa kwangako. Inu owerenga, makamaka amene mukuchita kafukufuku wa zaumoyo, ndimvereni bwino.

Ndine mayi wa ku Chikwawa, ndipo ntchito ndinayambira unamwino. Patapita zaka ndinapeza mwayi wochita digiri yapamwamba ija ya udokotala wa maphunziro, yofufuza mmene matenda amafalira pakati pa anthu. Ndinasankha kufufuza likodzo la amayi m'midzi ya asodzi ku Nyachikadza, m'boma la Nsanje. Ambiri likodzo timalidziwa ngati matenda okodzetsa ana magazi, koma kwa amayi limagwiranso kumalo obisika. Mayi amamva ululu akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, nthawi zina n'kutuluka magazi. Wosadziwa amangoti ndi matenda opatsirana pogonana.

Tinkagwira ntchito motere. Tinkawoloka Shire pabwato, mayi akavomera ankadinda chala, ife n'kumuyeza ndi kutenga mkodzo ndi zina zoti zikaunikidwe ku labotale mumzinda. Aliyense ankamwa mankhwala a likodzo tsiku lomwelo. Pabotolo tinkalemba nambala osati dzina, ndipo buku losonyeza mwini nambala iliyonse linkakhala ndi ine ndekha. Zotsatira tinalonjeza kudzazinena pamsonkhano umodzi kafukufuku yense akatha.

Tsiku lina titamaliza, mayi mmodzi anatsalira anzake atapita. Anali Mai Felesita, akazi a msodzi wina dzina lake a Zuze. Anandiuza kuti anali atapita kuchipatala katatu, ndipo katatu konse anawauza kuti abwere ndi amuna awo adzalandirire limodzi mankhwala a matenda opatsirana pogonana. A Zuze, podziwa kuti iwo sanayende kwina, anatsimikiza kuti akamapita kukagulitsa nsomba ku Bangula akazi awo amalowetsa wina m'nyumba. Nkhani inali itafika kale kwa ankhoswe.

"Ndaphata miyendo, mai anamwino," anatero mosakaniza Chisena, pondichonderera. "Mankhwala ndamwa. Ine ndikufuna pepala lolemba kuti ndi likodzo, bambo kunyumba akaone ndi maso awo. Pakamwa panga sakundimvanso."

Ndinawayankha mmene timayankhira ife ophunzira, kuti zikangotuluka ndibwera. Ndinanena izi ndikulongedza mabotolo.

Apa ndiulule chimene chinandipeputsira nkhaniyi. Ine ndinakulira m'mudzi wa chikamwini. Ukwati wa mayi anga aang'ono utatha, mwamuna ndiye ananyamula chikwama chake n'kumapita, ana ndi munda n'kutsala kwathu. Ndiye mumtima ndinkati, zikavutitsitsa mayiyu angopumako kwa mwamuna wansanje. Chonsecho ine ndemwe ndinali nditalemba m'mutu woyamba wa buku langa la digiri kuti anthu a ku Nyachikadza amalowola, mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo banja likatha ana amatsala kwa bambo. Ndinazilemba m'Chingerezi chokoma, aphunzitsi n'kundiyamikira, koma sizinandifike pamtima.

Zotsatira zinatuluka patangotha miyezi iwiri. Ndinatsegula buku la mayina lija n'kuyang'ana nambala ya Mai Felesita. Linali likodzo, ndipo matenda ena omwe ankawaganizirawo panalibe. Ndinasangalala, sindinama. Koma ndinasangalalira kafukufuku wanga, chifukwa mayiyu ankatsimikiza zomwe ndinkafuna kuonetsa.

Palibe lamulo lomwe linkandiletsa kuwapatsa zotsatira zawo msanga. Pankangofunika kalata imodzi kwa aphunzitsi ondiyang'anira, ndi ulendo wa masiku awiri. Ndinati ndidikire mvula ithe, poti madzi anali atasefukira. Madzi ataphwa ndinati ndimalize kaye kusanthula manambala. Kenako ndinaitanidwa kumsonkhano kunja kwa dziko, kumene ndinaima pamaso pa akatswiri n'kufotokoza nkhani ya mayi wa ku Nsanje amene banja lake linkagwedezeka chifukwa cha likodzo. Anthu anaomba m'manja, ena mpaka kupukuta misozi. Ine ndiye ndinkadzimva. Nkhani ya Mai Felesita inakwera ndege, koma pepala lawo silinawoloke Shire.

Ndinabwerera ku Nyachikadza chaka ndi theka zitadutsa, kukachititsa msonkhano tinalonjeza uja. Amayi anabwera ambiri, koma Mai Felesita sindinawaone. Msonkhano utatha ndinapempha mayi wina kuti andilondolere kunyumba kwawo. Anandiyang'ana kaye, kenako anangotsogola.

Tinapeza a Zuze akusoka ukonde pansi pa mtengo. Pakhonde panali mayi wina wachitsikana akupala nsomba, ndipo ana atatu anali chapafupi. Ndinadziwiratu ndisanauzidwe. Banja linali litatha miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo. Mai Felesita anabwezedwa kwawo kutsidya, cha ku Mozambique, ali okhaokha. Ana onse anatsala, ngakhale wamng'ono amene anali atangosiya kuyamwa.

Ndinatulutsabe pepalalo n'kuwawerengera a Zuze. Ndinafotokoza kuti likodzo munthu amalitenga m'madzi pochapa, posamba kapena potunga, ndipo akazi awo analibe mlandu uliwonse. Bamboyo anasiya kusoka. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero.

"Iye ankanena tsiku ndi tsiku kuti anamwino abwera ndi pepala," anatero. "Tinadikira mpaka ankhoswe anatopa. Ine ndinati ngati pepala silikubwera, ndiye kuti anamwino apeza zochititsa manyazi. Tsono mwabwera nalo lero, mai, nditani nalo?"

Mawu amenewa ndi omwe amandipweteka mpaka pano. Ine ndinkaganiza kuti pochedwa sindikulakwira munthu, ndangokhala chete. Koma kumudziko kukhala chete kwangako ankakumva ngati yankho, ndipo kunakhala umboni womaliza wotsutsa mayi uja.

Digiri ndinalandira chaka chotsatira, mkanjo ndinavala, abale anaimba nthungululu. Ndayesa kawiri kutumiza uthenga kutsidya kudzera kwa asodzi, koma palibe amene wandibweretsera yankho. Ena akuti mayiwo anakwatiwanso, ena akuti anasamukira kutali madzi atawononga mudzi wawo. A Zuze akuti saletsanso mayiwo kubwera kudzaona ana, koma wokawauza zimenezi sakupezeka.

Inu owerenga amene muli pamaphunziro ngati angawa, nambala iliyonse m'kompyuta mwanu ili ndi mwini wake, ndipo mwinayo akudikira. Zotsatira zake zikatuluka, musayembekeze kuti buku lanu lithe. Pemphani chilolezo, kwerani basi, kampatseni. Munthu akatsalira anzake atapita kuti alankhule nanu, siyani mabotolo mumumvere, ndipo mufunse chimene chingamuchitikire mukachedwa. Musayeze mavuto ake ndi mwambo wa kwanu, ngakhale kwanuko kutakhala boma loyandikana ndi kwawo.

Mai Felesita sankafuna kuti ine ndiwauze ngati anali olakwa kapena ayi. Zimenezo ankazidziwa okha. Ankangofuna munthu mmodzi wowaikira umboni nthawi isanathe, ndipo munthuyo ndinali ine.