Mafuta a Pilira M'mafupa a Elson

Inu amene matenda akufooketsani, imvani za Elson wa ku Ntcheu.

M'chaka cha 2001, Elson anagonekedwa m'chipatala china ku Pretoria, paipi ya mpweya ili m'mphuno, thupi likutentha ngati mbaula. Chinali chibayo. Dzulo lake ankadulira maluwa kwa bwana wake ku Queenswood akuimba mluzu, koma tsiku limeneli ngakhale dzina lake linkamukanika kutchula.

Iye ankayesa kuti anachira kalekale. Zaka ziwiri m'mbuyomo anadwala khansa ya m'magazi, ndipo madokotala anamuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa mlongo wake Pilira, wantchito ya m'nyumba ku Joni komweko. Khansa inatha. Elson atayamba kunenepa, anasiya kumwa mapilitsi amene anauzidwa kuti azimwa tsiku ndi tsiku.

Elson atatsitsimuka ku chibayo chija, dokotala sanamubisire mawu.

"Bambo, chitetezo cha m'thupi mwanu chidakali khanda. Mabakiteriya amene anzanu amangowapatsa kachifuwa, inu akhoza kukuphani tsiku limodzi lokha, ndipo ngozi imeneyi mukhala nayo zaka zambiri. Thupi likangotentha, thamangirani kuno. Za dothi ndi manyowa muiwale."

Koma dothi ndilo linkamudyetsa.

Mantha anamulowa mpaka m'mitsempha. Anadzitsekera m'kachipinda kake ku Soshanguve. Neba akatsokomola kuseri kwa khoma, Elson ankabanika. Ankasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika. Kutchalitchi anasiya, poopa kupatsana moni wa pamanja. Choyezera kutentha kwa thupi ankachipana m'khwapa kakhumi pa tsiku, mtima uli thi thi thi.

Patatha miyezi isanu, Pilira anafika Lamulungu masana nagogoda.

"Achimwene, tsegulani."

"Eish, Pilira, wakwera taxi yodzaza iwe. Usalowe. Sukudziwa zimene wanyamula."

"Ine anandibaya masingano m'fupa la m'chiuno, ndinatsimphina masabata awiri. Ndinavutikira kuti mudzafere m'chipinda chotseka?"

Elson anayandikira chitseko. Kenako loko anamveka kuti khethe.

Anayambiranso kumwa mapilitsi, osaphonya. Katemera yense wa paubwana anabayitsanso, bambo wandevu pamzere umodzi ndi makanda, amayi akumuseka chamumtima. Adamu, mkulu wa ku Mangochi wokonza mafoni ku Hatfield, anavomera kumuphunzitsa ntchito. Elson ankadikira kuti chigulu cha m'mawa chithe, n'kukwera sitima atavala chotseka pakamwa. Anthu ankamuthawa poganiza kuti ali ndi TB. Zinkamuwawa, komabe ankapita.

Mu 2004 thupi linatenthanso, foni ya kasitomala ili m'manja. Anaona ngati manda ayandikira. Koma ulendo uno sanadikire kuti aone mawa. Ola lomwelo anali atafika kuchipatala. Anatuluka patatha masiku anayi, akuyenda yekha.

Pofika 2008, Elson anali ndi shopu yakeyake, ophunzira a payunivesite akuima pamzere. Mantha sanamuthere ayi. Kasitomala akayetsemula, mtima unkadumphabe. Ankangopita kukasamba m'manja, n'kubwerera pampando wake.

Inunso, mwina dokotala wakuuzani mawu olemera ndipo mukuopa ngakhale mpweya umene mukupuma. Mverani malangizo, imwani mankhwala anu, ndipo miyendo ikamanjenjemera yendanibe. Mudakapuma, osataya mtima.